Tanthauzo la chidindo chimene chimakhala pa galasi la galimoto

Pakona ya m'munsi ya galasi la galimoto pamakhala timalemba ndi manambala amene anthu ambiri sawalabadira. Chidindochi ndi umboni wakuti galasilo linayesedwa, ndipo silingasweke ngati galasi la pawindo la nyumba, limene limasiya zidutswa zakuthwa ngati mpeni.

Lamulo limene mayiko ambiri amatsatira pa nkhaniyi ndi la bungwe la United Nations, lotchedwa Regulation 43, limene lili pansi pa pangano la ku Geneva la mu 1958. Lamuloli limafuna kuti wopanga galasi adindepo dzina kapena chizindikiro cha kampani yake mosafufutika, komanso chilembo cha E ndi nambala, zonse ziwiri m'kati mwa kamzere kozungulira. Nambalayo imasonyeza dziko limene linavomereza galasilo, osati kumene linapangidwa. Mwachitsanzo, 1 ndi Germany, 2 ndi France, 11 ndi Britain ndipo 47 ndi South Africa. Pambali pake pamalembedwa 43R ndi nambala ya chilolezo.

Timizere tiwiri toimirira, II, timasonyeza galasi lakutsogolo lopangidwa pomata magalasi awiri ndi pulasitiki pakati. Likasweka, zidutswa zake zimatsalira pa pulasitikiyo. Magalasi ambiri a m'mbali amalimbitsidwa ndi moto, ndipo akasweka amayoyoka n'kukhala timibulu tosatema kwambiri. Chilembo cha V chimasonyeza galasi lodera, limene kuwala kodutsamo sikufika 70 peresenti.

Ku United States amatsatira lamulo lawo lotchedwa FMVSS 205. Kumeneko galasi limakhala ndi zilembo za DOT ndi nambala yodziwitsa kampani imene inalipanga. AS1 ndi galasi lololedwa kutsogolo, pamene AS2 siloledwa pamalo amenewa. Pa galimoto zochokera ku Japan, zimene ndi zambiri m'chigawo chino cha Africa, pamapezeka kawirikawiri chizindikiro cha JIS.

Chidindochi chimafunika kwambiri pamene mwini galimoto kapena minibasi akusintha galasi losweka. Galasi lopanda chidindo lingakhale lotsika mtengo, koma palibe chotsimikizira kuti linayesedwa. Choncho wogula ayenera kuona chidindo galasilo lisanaikidwe, chifukwa likaikidwa losayenera, vuto lake limadziwika pa tsiku la ngozi.