Makaniko wa Padoko ndi Mlandu wa Oyilo

M'madoko akuluakulu a asodzi, monga ku Msaka, ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay, simulephera kupeza munthu wa manja akuda bii atakhala pamthunzi, injini ya boti ataipachika pathabwa, mchira wake uli m'mgolo wa madzi. Chikwangwani alibe. Zida zake zimakwana m'kachikwama kamodzi: masipanala, pulayala, sikuludiraiva, sandipepa, ndi chitini cha mabawuti omwe anatsala pa mainjini amene anafa kalekale. Ambiri mwa amakanikowa anayamba ali anyamata otumidwa kutsuka zitsulo m'petulo, ena anayambira pa njinga zamoto, ena anali alovi amene anatopa ndi kugona panyanja.

Injini zomwe amazigwira kwambiri ndi za Yamaha Enduro, makamaka za 15 ndi 40 horsepower, zimene zimakankha maboti a matabwa opita ku usipa ndi chilimira. Zonsezi ndi za mtundu wa two-stroke, ndipo nkhani yonse ya ntchito yawo yagona pamenepo. Injini ya galimoto ili ndi mosungira oyilo mwake pansi, pampu n'kumamuzunguza. Ya two-stroke ilibe. Oyilo amathiridwa m'petulo momwemo, ndipo petuloyo asanakapse amadutsa kaye kunsi kwa pisitoni, n'kusiya kachinyezi ka oyilo pa mabeyaring'i, pa kirankishafiti ndi m'mbali mwa silinda. Kachinyezi kameneko ndi kokhako kolekanitsa chitsulo ndi chitsulo chinzake pomwe injini ikuzungulira maulendo oposa 5,000 pa mphindi imodzi. Kenako oyiloyo amapsa limodzi ndi petulo, ndiye utsi wobiriwira uja.

Muyeso wodziwika ndi 50:1, kutanthauza mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi ya petulo. Chigubu cha malita 20 chimafuna mamililita 400, cha malita 25 chimafuna theka la lita. Injini ikakhala yatsopano, kapena yangoikidwa pisitoni ina, maola 10 oyamba imamwa 25:1, oyilo wowirikiza kawiri. Masamu ake ndi osavuta. Vuto ndi loti amachitika madzulo kukuda, padoko pali phokoso, alovi akufuula kuti anzathu atisiya, ndipo choyezera ndi botolo lililonse lomwe lili pafupi. Botolo lagalasi la Coca-Cola ndi la mamililita 300. Mukalithira m'chigubu cha malita 20 mwapanga pafupifupi 67:1, ndipo injini sidandaula usiku womwewo. Idzadandaula mwezi wa mawa, pakati pa nyanja, mwina mwera ukuomba.

Ikafika kwa makaniko imafika ndi mawu amodzi: yanoka, kapena yagwira. Chingwe cholizira sichikoka. Apa m'pamene ntchito yake imaposa kumasula ndi kumanga mabawuti, chifukwa boti lili ndi mwini wake amene sapita panyanja, ndiponso lili ndi alovi amene anapatsidwa ndalama ya petulo ndi oyilo. Mwini akuti anyamata anagulitsa oyilo. Anyamata akuti bwana injini yanu inali yotha kale. Onse maso ali pa makaniko, ngati anthu odikira kuti nyakwawa agamule mlandu wa malire.

Amayamba ndi pulagi. Ikakhala yofiirira pang'ono ndi youma, injini imadya bwino. Ikakhala yakuda, yonyowa, yamatope, oyilo anachuluka kapena kabuleta imathira petulo wambiri. Ikayera mbuu, injini imatentha mopitirira. Akatsegula mutu ndi kutulutsa pisitoni, umboni umachuluka. Mizere yokandika mbali yotulukira utsi yokha nthawi zambiri imaloza kutentha: mwina kabowo ka mu kabuleta kanatsekeka ndi zinyalala, mwina mpweya umalowera pa sili yotha. Kukandika kozungulira pisitoni yonse, ndi mabeyaring'i ouma osintha mtundu, kumaloza oyilo wosakwanira. Dzimbiri pa kirankishafiti limanena kuti injini inamwa madzi n'kusiyidwa osaitsuka. Ndipo pali impela, kalabala kokhala ngati nyenyezi kamene kamakoka madzi oziziritsa injini. Boti likamakwezedwa pamchenga injini ikulira, mchenga umakadya kalabalako, kamadzi kotuluka kumbuyo kamasiya kuthira, ndipo injini imagwira ngakhale oyilo anayezedwa bwinobwino. Alovi ambiri apulumuka kudulidwa malipiro chifukwa makaniko anatulutsa impela yothyoka mapiko n'kuiika m'manja mwa bwana.

Makaniko wanzeru sagamula mokweza. Mwini boti ndiye amalipira, koma alovi ndiwo amamuitana usiku injini ikakana, ndipo ndiwo amamusiyira ndiwo m'mawa. Ndiye amalankhula mozungulira: "Bwana, injiniyi ikuoneka kuti imamva ludzu. Muzigula oyilo nokha, muzithira muli pompo." Womva wamva.

Eni ena, poopa kunoka, amalamula kuti oyilo azithiridwa wambiri. Kumeneko n'kulipira kawiri. Wotsala osapsa amasanduka mwaye wouma umene umamata malingi a pisitoni mpaka asiye kutambasuka, umachepetsa khomo la utsi, umapha mapulagi. Choipa kwambiri ndi oyilo wolakwika. Wa galimoto sanapangidwe kuti azipsa, amasiya phulusa. Wa injini za pamadzi amalembedwa TC-W3 pabotolo, pomwe wa makina ochekera matabwa a Stihl kapena Husqvarna, omwe amazizira ndi mphepo ndipo amatentha kwambiri, ndi wina. Kusinthanitsa awiriwa n'kofala, chifukwa pagolosale onse amangotchedwa "wa two-stroke".

Petulo nayenso ali ndi zake. Wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, yemwe anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982 ndipo pambuyo pake ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi. Chigubu chikakhalitsa padoko chosatseka bwino, madzi ndi ethanol zimatha kutsikira pansi, ndipo paipi ya thanki imayamwa pansi pomwepo, pomwe oyilo palibe. Nthawi ya kusowa kwa mafuta, asodzi amagula wa m'zigubu kwa mavenda, amene wadutsa m'manja ambiri. Amakaniko amamununkhiza, amamuthira m'botolo loyera n'kumuunika padzuwa asanayambe kuimba mlandu munthu aliyense.

Chodabwitsa n'choti anzawo enieni pa ntchitoyi ali kumaiko a chisanu. Ku Canada, ku Alaska ndi kumpoto kwa Finland, alenje ndi oweta mphalapala amayenda pa snowmobile, njinga yamoto yotsetsereka pachipale, imene Joseph-Armand Bombardier anayamba kugulitsa mu 1959 pa dzina la Ski-Doo ku Quebec. Zambiri ndi za two-stroke. Zatsopano zili ndi thanki ya oyilo payokha ndi pampu yoyeza yokha, koma pampu ikafa kapena paipi ikalowa mpweya, pisitoni imakandika chimodzimodzi ngati ya ku Msaka. Kumeneko mdani wina ndi kuzizira: oyilo amalimba, ndipo munthu akathamangitsa injini isanafunde, pisitoni imafufuma msanga kuposa silinda n'kugwira. Makaniko wa kwathu vuto limenelo salidziwa, lake ndi mchenga.

Zipangizo ndiye mutu wina. Pisitoni yeniyeni ndi yodula ndipo nthawi zambiri imafuna ulendo wa ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu. Yotchipa imapezeka msanga koma moyo wake ndi waufupi, ndipo ikatha mlandu umabwerera kwa amene anaimanga. N'chifukwa chake amakaniko ena amakana kugula okha, amatuma mwini. Silinda ikakandika pang'ono amaipala ndi sandipepa kuchotsa aluminiyamu womatirira, ikaonongeka kwambiri imapita kwa a makina m'tauni kuti akaikulitse.

Ntchito imachuluka mwezi ukawala. Usipa umakopedwa ndi nyali, ndiye kukakhala mwezi wathunthu maboti ambiri amapuma, mainjini n'kutsika onse nthawi imodzi, aliyense akufuna yake ithe mdima usanabwerere. Malipiro ambiri amakhala a ngongole, yodzabwezedwa usipa ukafa.