Mboni za Kuuka kwa Ambuye Athu

Mlandu ukafika pa bwalo la mfumu, akulu sathamangira kugamula. Ayamba afunsa kuti mboni ndani, zinaona chiani, ndipo zikadapindulanji pakunama. Tiyeni ifenso tiyese mboni za kuuka kwa Yesu Kristu mwa njira yomweyo, pakuti ngati Iye sanauke, tikuika abale athu m'manda ndi chiyembekezo chachabe.

Poyamba, kodi anafadi? Pa ichi ngakhale akunja abvomereza. Tacitus, Mroma wolemba mbiri amene sanakonde Akristu, analemba cha m'ma 116 kuti Kristu anaphedwa ndi Ponsio Pilato masiku a mfumu Tiberius. Pilatoyo analamulira Yudeya kuyambira chaka cha 26 kufikira 36, ndipo mu 1961 anthu okumba pansi anapeza mwala ku Caesarea wolembedwa dzina lache.

Chachiwiri, kodi mbiri ya kuuka inabadwa mochedwa, monga nthano? Iai. Paulo Woyera analembera Akristu a ku Korinto cha m'ma 54, patapita zaka monga 25 chokha chifere Ambuye, nanena kuti mau amenewa iyenso anachita kulandira kwa amene anamtsogolera. Anachula mboni: Petro, Apostoli khumi ndi awiri, abale oposa 500, Yakobo, ndi iye mwini potsiriza. Anaonjeza kuti ambiri a iwo anali chikhalire ndi moyo, kotero kuti wokayika akadatha kukawafunsa.

Chachitatu, oyamba kupeza manda opanda mtembo anali akazi. Josephus, Myuda wolemba mbiri, atiuza kuti umboni wa mkazi sunali kulandiridwa pa milandu ya mtundu wache. Munthu wopeka bodza asankha mboni zimene bwalo lidzazimvera. Nanga olemba Mthenga Wabwino akadaikiranji Maria wa ku Magdala patsogolo, ngati sizinachitike chomwecho?

Tisabise zimene otsutsa anena. Iwo ati olembawo asiyana mau: Marko achula mnyamata mmodzi wobvala zoyera m'mandamo, Luka achula awiri. Nzoona. Koma akulu a pa bwalo adziwa kuti mboni zopangana zilankhula ngati pakamwa pamodzi, pamene mboni zoona zisiyana pa zazing'ono, nizigwirizana pa mutu wa nkhani. Ena ati ophunzira anaba mtembo. Koma Yakobo mwana wa Zebedeo anaphedwa ndi lupanga pa lamulo la mfumu Herode Agripa cha m'ma 44, ndipo Yakobo wina uja, wochedwa mbale wa Ambuye, anaponyedwa miyala ku Yerusalemu mu 62. Munthu angafere chinthu chonama chimene achiyesa choona, koma ndani afera bodza limene walipeka yekha?

Tinene zoona: mbiri siingakakamize mtima wa munthu. Itionetsa kuti Yesu anafadi, kuti ophunzira ache amantha aja anasanduka olimba mtima, ndi kuti anatsimikiza kufikira imfa kuti anamuona wamoyo. Mbiri itiperekeza mpaka pa khomo la manda, ndipo cholowa nacho m'katimo ndi chikhulupiriro, mphatso imene Mulungu apatsa oipempha.

Chifukwa chache, inu atate ndi amai, mwana akakufunsani madzulo kuti tidziwa bwanji, musamkalipire. Muwerengereni mboni zimenezi imodzi imodzi, ndipo mukatha, gwadani naye pamodzi kupempha mphatso ija.