Injini ya lole siifa mwadzidzidzi, imayamba yachenjeza

Aliyense woyenda pamsewu wa M1 pakati pa Jenda ndi mphambano yolowera ku boma la Mzimba amadziwa tanthauzo la nthambi zaziwisi zoyalidwa pa phula. Patsogolo pali lole yomwe yafa. Pena imakhala itasenza matabwa a ku Chikangawa, pena mabelo a fodya opita kumsika, pena madengu a tomato ndi matumba a anyezi ochokera ku Jenda. Dalaivala ndi womuthandiza amakhala atasonkha moto m'mbali mwa msewu, kudikira makaniko kapena chitsulo choitanitsa kuchokera ku Mzuzu kapena ku Lilongwe.

Nkhani ikafika kwa mwini galimoto, kawirikawiri imamveka ngati ngozi yogwa mwadzidzidzi. Koma injini ya dizilo siigwa ngati mtengo wowombedwa ndi mphenzi. Isanafe imasintha mtundu wa utsi, imasintha kaliridwe, imatentha, imatha mphamvu. Zizindikirozi zimaoneka kwa masiku, nthawi zina masabata. Kusiyana kwa dalaivala amene amagula paipi imodzi ya raba ndi amene amachititsa bwana wake kugula injini yonse kumagona pa mphindi zochepa zimene wina adaima pamene mnzake adapitiriza ulendo.

Chifukwa chake misewu ya kuno imalemetsa injini

Boma la Mzimba lili pamalo okwera, ndipo msewu wa M1 ukadutsa mphambano ya ku Mzimba umakwerabe m'mapiri a Viphya, omwe malo ake ambiri amapitirira mamita 1,500 kuchokera pomwe pali nyanja zikuluzikulu. Pamalo okwera chotere mpweya umakhala wopepuka, motero injini imafunika kukoka wochuluka kuti itenthe dizilo yemweyo. Lole yodzaza ikamakwera chitunda chachitali imayenda pang'onopang'ono, mphepo yoziziritsa yolowa kutsogolo imachepa, pamene moto wa mkati mwa injini uli pachimake.

Kuchoka pa phula, malole ambiri amalowa m'misewu ya fumbi ya kumadera monga Khosolo, Luwerezi ndi Mabulabo kukatenga chimanga, soya, fodya ndi nyemba. M'chilimwe fumbi limachita kutseka maso, m'dzinja matope ndi madzi osefukira amatsekereza njira. Kutentha, fumbi, madzi ndi katundu wopyola muyezo ndiwo adani akulu a injini, ndipo kummwera kwa Mzimba lole imodzi imatha kukumana nawo onse paulendo umodzi.

Zimene utsi umanena

Chizindikiro chosavuta kuona ndi utsi. Utsi wakuda umatanthauza kuti dizilo akuchuluka kuposa mpweya, kotero sakupsa yense. Nthawi zambiri vuto limakhala fyuluta ya mpweya yomwe yatsekeka ndi fumbi, ma injector otha, turbo yofooka, kapena katundu wolemera kuposa mphamvu ya galimoto. Lole yotulutsa utsi wakuda pa chitunda chilichonse imakhala ikumwa mafuta ambiri, ndipo mwaye wotsalawo umadetsa oyilo msanga.

Utsi wobiriwira ngati mtambo, wonunkha mopsereza, umasonyeza kuti oyilo akulowa momwe mumapsera dizilo. Apa ndiye kuti mphete za mapisitoni zaperepeseka, kapena zotsekera za mavavu kapena za turbo zatha. Dalaivala akaona kuti akuwonjezera oyilo pafupipafupi pamene pansi sakudontha, adziwe kuti injini ikumutentha.

Utsi woyera umafuna kuusiyanitsa bwino. M'mawa wa mu June kapena July, pamene ku Mzimba ndi ku Chikangawa kumazizira kwambiri, injini imatha kutulutsa utsi woyera kwa kanthawi kenaka n'kusiya ikafunda. Umenewo si wodetsa nkhawa. Koma utsi woyera wosatha, makamaka madzi a mu rediyeta akamachepa popanda pomwe akudontha, umasonyeza kuti madzi akulowa mu silinda. Kawirikawiri imakhala gasiketi ya mutu wa injini yomwe yapsa, kapena mutuwo wachita mng'alu.

Kutentha kopyola muyezo

Injini zambiri za dizilo zimagwira bwino ntchito madzi ake akakhala pakati pa madigiri 80 ndi 95. Muvi wa pa dashibodi ukayamba kuyandikira pofiira, pali chimene chalakwika: paipi yabooka, lamba wa fani walekerera, pampu ya madzi yatha, kapena rediyeta yatsekeka ndi dzimbiri mkati ndi fumbi ndi njere za udzu kunja.

Pali zizolowezi ziwiri zofala zimene zimakulitsa vutoli. Choyamba ndi kuthira madzi a pamjigo kapena a mumtsinje m'malo mwa madzi osakaniza ndi mankhwala oziziritsira injini. Madzi wamba amasiya miyala ndi dzimbiri m'timipata ta rediyeta, komanso amawira msanga. Chachiwiri ndi kuchotsa thermostat poganiza kuti injini izizizira bwino. Chipangizochi ndi chimene chimaonetsetsa kuti injini ifunde msanga ndi kukhala pa mlingo umodzi. Chikachotsedwa, injini imayenda nthawi yaitali ili yozizira, dizilo sapsa bwino, zitsulo zimatha msanga, ndipo vuto lenileni limene limatenthetsa limangobisika.

Injini ikabwata, zitsulo zake zimafufuma. Mutu umatha kupindika, gasiketi n'kupsa, pisitoni n'kukanirira mu silinda. Choyenera ndi kupatuka pamalo otetezeka nthawi yomweyo. Ngati madzi sanatayike ndipo fani ikuzungulira, injini isiyidwe ikulira pang'onopang'ono kuti kutentha kutsike; ngati madzi akutayika kapena lamba waduka, izimitsidwe. Chitsekero cha rediyeta sichitsekulidwa injini ili yotentha, pakuti madzi owira amathovoka n'kuwotcha nkhope ndi manja. Kuthira madzi ozizira mu injini yotentha nakonso kumang'ambitsa chitsulo.

Oyilo ndiye moyo wa injini

Mkati mwa injini zitsulo zimazungulira maulendo mazanamazana pa mphindi imodzi, ndipo chimene chimaziletsa kukhudzana ndi kansalu kopyapyala ka oyilo. Nyali yofiira ya oyilo ikayaka galimoto ikuyenda, sikutanthauza kuti oyilo awonjezeredwe pofika pa Jenda kapena pa boma. Ikutanthauza kuti mphamvu yopopera oyilo yatsika, ndipo zitsulo zayamba kudyana. Mphindi zochepa zokha zimakwana kuwononga ma bearing ndi crankshaft. Phokoso logogoda mozama pansi pa injini, lomwe limakula dalaivala akaponda mafuta, ndilo limene amakaniko amatcha kunoka, ndipo likamveka ndiye kuti zinthu zafika kale poipa.

Kuyang'ana kachitsulo koyezera oyilo m'mawa uliwonse kumaulula zambiri. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti walowa madzi. Oyilo wochuluka kuposa dzulo, wopepuka ndi wonunkha dizilo, ndiye kuti mafuta akudontheramo ndipo sangatetezenso zitsulo. Tizidutswa tonyezimira mu oyilo wokhuthulidwa timasonyeza kuti china chake chikuperepeseka.

Kuchokera pamene ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya oyilo, mafyuluta ndi zitsulo zina zoitanitsa kunja idakwera kwambiri. Chiyeso cha eni malole n'kuchedwetsa sevisi, kugula oyilo wopima m'mabotolo osadziwika gwero lake, kapena kusintha oyilo n'kusiya fyuluta yakale. Ndalama yopulumutsidwa mwanjira imeneyi ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wophwasula injini yonse. Komanso lole yoyenda m'fumbi ndi kukwera mapiri imafunika sevisi msanga kuposa yoyenda pa phula lathyathyathya.

Dizilo wa m'zigubu

M'zaka zapitazi, makamaka kuyambira 2022, dziko lino lakhala likukumana ndi kusowa kwa mafuta a galimoto nthawi ndi nthawi. Mizere ikatalika pamalo omwetsera mafuta, madalaivala ena amathamangira kwa ogulitsa m'zigubu m'mbali mwa msewu, ngakhale kuti malamulo omwe bungwe la Malawi Energy Regulatory Authority (Mera) limayang'anira salola kugulitsa mafuta popanda chilolezo. Kupatula kuphwanya lamulo, wogulayo sadziwa chimene chili m'chigubumo.

Dizilo wosungidwa mosasamala amalowa madzi, mchenga ndi dzimbiri, ndipo ena amamusakaniza ndi palafini kuti achuluke. Pampu ya dizilo ndi ma injector zimadalira dizilo yemweyo kuti zisakhulane, pamene palafini alibe kuterera kokwanira. Injini zamakono za mtundu wa common rail zimapopa mafuta ndi mphamvu yoposa ma bar 1,500 kudzera m'timabowo tating'ono kwambiri, motero kadontho ka madzi kapena kamchenga kamakwana kuwononga. Zizindikiro zake ndi kuvuta kulira m'mawa, kunjenjemera galimoto ikaima, kudukiza poyenda ndi kutha mphamvu pa chitunda. Malole ambiri ali ndi kachikho kolekanitsa madzi ndi dizilo pafupi ndi fyuluta. Kukhuthula madzi a m'menemo kumatenga mphindi zochepa, koma ambiri amakuiwala.

Fumbi, madzi ndi kayendetsedwe

Fumbi likadutsa fyuluta ya mpweya limasanduka ngati msasa, n'kumapala makoma a silinda ndi mphete za mapisitoni. Chizolowezi chomenyetsa fyuluta pa tayala kuti fumbi ligwe chimang'amba pepala lake, ndipo kabowo kosaoneka ndi maso kamalowetsa fumbi tsiku lililonse. Paipi yoloza ku turbo ikamasuka kapena kung'ambika, zotsatira zake n'zomwezo.

M'nyengo ya mvula, kuwoloka pamalo osefukira kuli ndi chiopsezo china. Madzi sapanikizika ngati mpweya, choncho akalowa mu silinda pisitoni imagunda ngati yagunda mwala, ndipo chitsulo choigwira chimapindika kapena kuthyoka. Lole ikazimira m'madzi, kuyesa kuilizanso ndiko kumaliza injiniyo.

Kayendetsedwe nako kali ndi gawo lake. Kukwera chitunda pa giya yaikulu, injini ikubuula, kumakweza kutentha ndi kupanikiza ma bearing. Kutsika mtsetse pa giya yosayenera, katundu akukankha kumbuyo, kumazungulitsa injini kupyola malire ake. Kuzimitsa injini nthawi yomweyo pambuyo pokwera phiri kumasiya turbo yotentha yopanda oyilo woyenda, n'chifukwa chake opanga galimoto amalangiza kuisiya ikulira kwa mphindi zingapo. Turbo ikayamba kulira ngati sayirini kapena kudontha oyilo, yatsala pang'ono kutha.

Amene amapanga chiganizo choima

Zonsezi madalaivala odziwa ntchito amazidziwa. Chimene chimavuta ndi kuima. Tomato wa ku Jenda sadikira. Akagona panjira masiku awiri amasanduka madzi, ndipo mlimi kapena mayi wa geni amene adabwereka ndalama yopikulira ndiye amaluza. Fodya ali ndi tsiku lake lofikira kumsika. Dalaivala wolipidwa pa ulendo amadziwa kuti akaima ndiye kuti m'thumba mulibe kanthu, ndipo ena amaopa kuti akaimbira bwana kunena za muvi wofiira auzidwa kuti akokere mpaka afike. Motero chenjezo limanyalanyazidwa ndi anthu amene aliona bwinobwino, ndipo mwambi wa samva za anzake adamva nkhwangwa ili m'mutu umakwaniritsidwa pakati pa nkhalango, kutali ndi galaji.

Chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ili bwino, chomwe chimaperekedwa kudzera ku nthambi ya boma yoona za pamsewu ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, chimanena za mmene galimoto idalili pa tsiku loyezedwa. Za madzi a mu rediyeta lero, mtundu wa oyilo ndi fumbi la mu fyuluta, woziona ndi dalaivala yekha asanalize injini m'mawa. Mwini lole amene amasunga kabuku kolemba makilomita ndi tsiku la sevisi, ndipo amalola dalaivala wake kuima popanda kumudula malipiro, amakhala akuteteza chuma chake chomwe.

Lole yofera pa phula siipweteka mwini wake yekha. Msewu wa M1 m'dera lino uli ndi makona ambiri, ndipo chakumtunda kwa Chikangawa nkhungu imatseka njira m'mawa ndi usiku. Galimoto yaikulu yoima pamalo otere imasanduka msampha kwa minibasi, njinga zamoto ndi mabasi a usiku. Nthambi za mitengo sizioneka mumdima, ndipo zikasiyidwa pamsewu lole itachoka zimasokoneza ena. Zikwangwani zonyezimira za makona atatu ziyenera kuikidwa patali mokwanira kutsogolo ndi kumbuyo, nyali zochenjeza zili zoyaka, ndipo ngati injini ikadali ndi kamphamvu pang'ono, kagwiritsidwe ntchito kuchotsa galimoto pa phula isanazimiretu.