Mawu Oyenera pa Ntchito Yosamala Nkhuni ku Katete, Sinda ndi Vubwi

M'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi mabanja ambiri amaphika pa mafuwa atatu, pomwe moto wambiri umathawira m'mbali. Pofuna kuteteza nkhalango, bungwe la COMACO limalimbikitsa alimi a m'chigawo cha Kum'mawa kugwiritsa ntchito mbaula zotsekera moto mkati ndiponso kubzala mitengo ya gliricidia, yomwe nthambi zake zimasanduka nkhuni. Kufunika kwa ntchitoyi kudaonekeratu mu 2024, pamene chilala chidachepetsa madzi ku Kariba, magetsi nasowa, ophika zamalonda nathamangira makala.

Komabe omasulira uthengawu amakonda kulemba kuti "kusunga mphamvu", chikhalirecho kwa Mchewa "mphamvu" ndi nyonga kapena ulamuliro. Aphunzitsi ayenera kusankha mawu apamoto, monga "mbaula yosadya nkhuni zambiri", pakuti amayi ophikawo akapanda kumvetsa, mitengo ipitirira kugwa.