BALA LA NKHONDO LOSAONEKA NDI MASO

Wolemba Mtolankhani Wathu, Chadiza

Aliyense wa kuno ku Chadiza amene amapita ku Chipata anamvapo za kampu ya asilikari ya Gondar, koma ndi owerengeka amene adziwa kumene dzinali linacokera. Gondar ndi mzinda wa ku Ethiopia kumene kunamenyedwa nkhondo yoopsa ndi Mataliyana mu November 1941. Tug Argan ku Ndola ikumbutsa nkhondo ya ku Somaliland ya mu August 1940, ndipo Arakan ku Lusaka, Chindwin ku Kabwe ndi Kalewa ku Ndola ndi maina a ku Burma. Ku maiko amenewa ndiko anyamata a dziko lino, a gulu la Northern Rhodesia Regiment, anakamenya Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, ya 1939 mpaka 1945.

Pobwera kwao, ovulala miyendo ndi manja anaonekera kwa onse ndipo anamveredwa cisoni. Koma panali ena amene anabwera ndi thupi lamphumphu, pamene mtima unali wovulala. Oterewa sanadziwike kuti alikudwala. Anthu anangoti nkhondo inawazunguza mutu.

NKHONDO SINATHERE KU BURMA

Nkhani imeneyi si ya makolo okha ai. Kuyambira mu 1987 zigawenga za Renamo za ku Mozambique zinalikuoloka malire ndi kulowa m'midzi ya m'maboma a Chadiza, Katete ndi Petauke. Zinapha anthu, kulanda ng'ombe ndi katundu, ndipo mabanja ambiri anagona m'thengo. Boma linatumiza asilikari kudzalonda malire, ndipo othawa nkhondo a ku Mozambique anapatsidwa malo ku Ukwimi m'boma la Petauke. Nkhondoyo inatha ndi pangano limene linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992.

Pambuyo pace asilikari athu anatumizidwa ndi bungwe la United Nations kukasungitsa mtendere ku Mozambique, Rwanda, Angola, Sierra Leone ndi Sudan, ndiponso ku Central African Republic kuyambira mu 2015. Ku Sierra Leone mu May 2000, asilikari a Zambia oposa 200 anagwidwa ndi zigawenga za RUF ndi kusungidwa ukaidi kwa masabata. Msilikari akapuma nchito kawirikawiri amabwerera kumudzi kwao kukalima, ndipo zimene anaona amabwera nazo pakhomo.

NTHENDA YENIYENI

Pa Nkhondo Yoyamba ya 1914 mpaka 1918 madokotala a ku Britain anaona asilikari onjenjemera ndi osatha kulankhula, naganiza kuti ndi cifukwa ca kuphulika kwa mabomba. Mu 1980, itatha nkhondo ya ku Vietnam, madokotala a ku America anailemba m'buku lao la matenda a maganizo ndi kuipatsa dzina lakuti PTSD, kutanthauza kuvutika maganizo kumene kumatsala munthu atakumana ndi zoopsa.

Kagwiridwe kace nkotere. Munthu akakhala pafupi ndi imfa, thupi limadzikonzekeretsa kuthawa kapena kumenya: mtima umagunda msanga, maso ndi makutu zimakhala cheru. Coopsa cikapita, anthu ambiri amakhazikika patapita masiku kapena masabata. Koma mwa ena thupi limakana kukhulupirira kuti nkhondo inatha.

Wotereyu amalota zoopsa, kubwebweta ndi kudzuka ali thukuta lokhalokha. Bango likagwa pa malata kapena bingu likagunda, amadzidzimuka ndi kudziponya pansi. Nthawi zina masanasana amaona ngati zoopsa zija zilikucitikanso. Amapewa maliro, misonkhano ndi ciri conse comukumbutsa nkhondo. Amapsa mtima pa kanthu kocepa, sakondwera ndi ana ace, ndipo ena amadziimba mlandu kuti anzao anafa iwo napulumuka. Zizindikiro zimenezi zikapitirira mwezi umodzi ndi kumulepheretsa kugwira nchito kapena kukhala bwino ndi banja, ndiye kuti nthenda yakhazikika. Imatha kuyamba patapita miyezi ngakhale zaka. Siigwira asilikari okha: mai amene anaona mwamuna wace alikuphedwa pa malire, kapena mwana amene anathawa usiku mfuti zilikulira, akhoza kudwala cimodzimodzi.

Coipa kwambiri ndi cakuti odwala ambiri amafuna tulo m'kacasu ndi m'camba. Mowa umagonetsa usiku umodzi, koma m'mawa mantha amabwera owirikiza. Ndalama za penshoni zimathera ku mowa, munda umagonera, mai amamenyedwa, ndipo ena amafika podzipha.

CITHANDIZO CILI KUTALI

Cipatala cacikulu ca matenda a maganizo m'Zambia ndi Chainama Hills ku Lusaka, cimene cinatsegulidwa mu 1962. Kucokera ku Chadiza ndi mtunda woposa makilomita 500. M'cigawo cino ca Kum'mawa muli cipinda ca odwala maganizo pa cipatala cacikulu ca Chipata, ndipo asilikari ali ndi cipatala cao ca Maina Soko ku Lusaka. Madokotala akatswiri a matenda amenewa ndi ocepa zedi, ndipo ambiri a iwo ali ku Lusaka. Motero nchito yaikulu imagwera anamwino ndi othandiza madokotala, amene pa tsiku limodzi amaonanso a malungo, azimai apakati ndi ana otsegula m'mimba.

Ngakhale ziri tero, pali zimene zasintha. Kwa zaka zambiri dziko linali kutsata lamulo la atsamunda limene linkaona wodwala maganizo ngati munthu wongoyenera kutsekeredwa. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la umoyo wa maganizo, lopatsa wodwala ufulu wolemekezedwa ndi wothandizidwa pafupi ndi kwao. Bungwe la umoyo la WHO nalo linayamba mu 2008 cilinganizo cophunzitsa anchito a m'zipatala zing'onozing'ono kuzindikira ndi kuciza matenda a maganizo.

Nthendayi imacizika. Mankhwala ace oyamba ndi kukambirana ndi mlangizi wophunzira, amene amathandiza wodwala kufotokoza zimene anaona pang'onopang'ono mpaka zitaleka kumuopsa. Pamene pafunika, amapatsidwanso mapiritsi ocepetsa nkhawa ndi cisoni, amene ayenera kumwedwa miyezi ingapo osadukiza.

NCHITO YA BANJA NDI MUDZI

Popeza cipatala ciri kutali, oyamba kuona nthendayi ndi a pabanja. Inu amai, inu atsibweni ndi ankhoswe, mukaona zizindikiro zachulidwazi musathamangire kunena kuti walodzedwa, ndipo musaloze cala nkhalamba ya m'mudzi. Musam'mange ndi zingwe kapena kulola ana kumuseka. Musamukakamize kusimba za nkhondo pa bwalo la mowa; akafuna kulankhula yekha, khalani pansi mumvetsere. Mulimbikitseni kupita kumunda, kudimba ndi ku chalichi pamodzi ndi anzace.

Anzathu a ku Mozambique, nkhondo yao itatha, mabanja ambiri analandira ana ao obwera ku nkhondo ndi mwambo wa kuwasambitsa ndi kutentha zobvala za kunkhondo, kusonyeza kuti mudzi wawalandiranso. Kulandira munthu motere kumatonthoza mtima, ndipo sikuletsa kupita naye ku cipatala. Yambani pa kiliniki ya kwanu kapena pa cipatala ca boma ca Chadiza, ndipo a kumeneko ndiwo adzakutumizani ku Chipata ngati kuli kofunika.

Wodwala akayamba kunena za kudzipha, akamaopseza mkazi ndi ana, kapena ngati m'nyumba muli mfuti, mankhwala a thonje kapena a mbewu, musadikire kuti kuce. Cotsani zinthuzo, musamusiye yekha, dziwitsani a mfumu ndipo mupite naye ku cipatala tsiku lomwelo.

Mafumu athu a Mlolo, Mwangala ndi Zingalume pamodzi ndi nduna zao, azibusa ndi aphunzitsi angathandize kwambiri pomachula nkhaniyi m'misonkhano, kuti manyazi athe. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Anthu awa anapita kunkhondo m'dzina la tonsefe, ndipo kuwaperekeza ku cipatala ndi udindo wa mudzi wonse.