Saladi: Ndiwo Yosaphika ya Nyengo Iliyonse

M'mabanja ambiri timayesa saladi ndi chakudya cha pa ukwati kapena cha ku hotela. Phwando likatha, ndiwo zonse zimabwereranso mu mphika. Komatu saladi si chinthu chachilendo ayi. Ndi masamba ndi zipatso zaziŵisi, zotsukidwa ndi kudulidwa bwino, ndipo minda ndi madimba athu amatipatsa zimenezi chaka chonse.

Kodi n'chifukwa chiyani tiyenera kudyako zina zosaphika? Vitamini C, amene amathandiza zilonda kupola ndi kulimbitsa nkhama, amaonongeka pa moto. Tikaŵiritsa masamba nthaŵi yaitali, makamaka tikathiramo soda kapena chidulo, gawo lalikulu la vitaminiyu limatayika. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 pa tsiku. Kambale ka saladi pambali pa nsima kamatithandiza kufika pa muyeso umenewu. Chinsinsi chake n'chimodzi: tidye chimene chili pa nyengo yake, pakuti ndicho chokoma ndiponso chotsika mtengo.

M'nyengo yotentha

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala dzuŵa limaswa mtengo, ndipo thupi limafuna chakudya chopepuka. Tidule matimati atatu ndi anyezi mmodzi mopyapyala, tithire kamchere ndi madzi a ndimu. Ngati anyezi akuŵaŵa kwambiri, tiyambe tamuviika m'madzi amchere kwa mphindi 10. Mango akayamba kupsa tiziwaduladula pamodzi ndi papaya ndi nthochi. Ana sadzafuna shuga wina. Mvula ikagwa kumabwera nkhaka, kenaka mapeyala ndi magwafa. Peyala ali ndi mafuta akeake, choncho saladi wake safuna mafuta ogula. Gwafa naye ali ndi vitamini C wochuluka kuposa lalanje.

M'nyengo yachisanu

Juni ndi Julayi ndiyo miyezi imene madimba amasangalala. Kabichi, karoti ndi letesi amakonda kuzizira, ndipo aliyense wodutsa pa msika wa Lizulu kapena pa Bembeke amaona milu yake. Manachesi a ku Mwanza nawo amakhala ali mbwee. Tidule theka la kabichi mopyapyala ngati ulusi, tipale makaroti aŵiri, tifinyiremo ndimu ndi kuthira supuni imodzi ya mafuta ophikira. Mafutaŵa asasoŵe, chifukwa ndiwo amathandiza thupi kulandira vitamini A wa mu karoti, amene amateteza maso. Popeza kunja kukuzizira, tingaonjezemo nyemba zophika kapena mtedza wokazinga kuti saladi akhale wokhutitsa. Apanso ndimu ali ndi ntchito: amathandiza thupi kutenga ayironi wa mu nyemba, mchere wofunika popanga magazi, makamaka kwa atsikana ndi amayi oyembekezera.

Ukhondo ukhale patsogolo

Pano tiyenera kuchenjezana. Moto umapha tizilombo toyambitsa matenda, koma saladi sapita pa moto. Sitinaiŵale mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 muno m'Malaŵi. Matendaŵa amafala kudzera m'madzi ndi m'zakudya zoipitsidwa, makamaka m'dzinja. Motero tisambe m'manja ndi sopo tisanagwire chakudya. Masamba tiwatsuke tsamba ndi tsamba, tisanawadule, m'madzi oŵiritsa ozizira kapena othira kolorini. Zipatso zosendeka tizisende. Mpeni umene wadula nyama kapena nsomba yaiŵisi usakhudze saladi usanatsukidwe ndi sopo. Saladi akonzedwe chakudya chili pafupi kupsa, avundikiridwe kuopa ntchentche, ndipo adyedwe pasanathe maola aŵiri. Kukabuka kolera m'dera lathu, ndi bwino kuphika masamba onse ndi kudya zipatso zosenda tokha kufikira mliri utatha.

Inu makolo, ntchito imeneyi agaŵireni ana, anyamata ndi atsikana omwe. Mwana amene wathyola yekha matimati, kutsuka ndi kudula, sakana kudya. Ndipo inu achinyamata, kamzere kamodzi ka karoti ndi kena ka letesi kuseri kwa nyumba, kothirira m'maŵa ndi madzulo, kadzapatsa banja lonse saladi m'chisanu chikudzachi.