NDIFE AKAPITAO M'MUNDA WA MULUNGU

Mau oyamba

Ife anthu a kwa Goliati timamudziwa bwino kapitao. Ambiri mwa ife tinathyolapo tiyi pa esiteti, kapena tili ndi mbale wathu amene amagwira ntchito kumeneko. Kapitao ali ndi mphamvu pa munda, koma mundawo si wake. Tsiku lina mwini munda amamuitana kuti alongosole m'mene ntchito yayendera.

Phunziro lino lifuna kutikumbutsa kuti pamaso pa Mulungu tonse ndife akapitao. Nthaka, madzi, mitengo ndi chakudya chimene tili nacho m'nyumba, zonsezi tinangosungizidwa. Tsono funso ndi lakuti: kodi tikusamala bwanji zimene tinasungizidwazo?

1. Kodi Malembo Oyera ndi Eklezia akutiphunzitsa zotani?

Pa Genesis 2:15 timamva kuti Mulungu anapatsa munthu ntchito ziwiri m'munda wa Edeni: kuulima ndi kuusamala. Amene amalima koma osasamala wagwira theka la ntchito. Pa Levitiko 25 Aisraele analamulidwa kupumuza minda yao chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse, ndipo anakumbutsidwa kuti mwini dziko ndi Mulungu. Pa Genesis 41 Yosefe anasunga dzinthu m'zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu dzambiri, napulumutsa anthu pa zaka za njala. Ndipo pa Yohane 6, Ambuye Yesu atadyetsa khamu la anthu, anatuma ophunzira ake kuti atole zotsala, ndipo zinadzaza madengu 12. Iye amene anali ndi mphamvu yochulukitsa buledi sanalole kuti nyenyeswa zitayike.

Eklezia akupitiriza chiphunzitso chomwechi. M'chaka cha 1979 Papa Yohane Paulo Wachiwiri anasankha Fransisko Woyera wa ku Assisi kukhala nkhoswe ya anthu osamala zachilengedwe. M'chaka cha 2015 Papa Fransisko analemba kalata yotchedwa Laudato Si', yotiphunzitsa kuti dziko ndi mudzi wa tonse, ndi kuti likaonongeka oyamba kuvutika ndi amphawi. Choncho kusamala chilengedwe si nkhani ya alangizi a zaulimi okha ayi. Ndi mbali ya chikhristu chathu.

2. Tione m'mene zinthu zilili kwathu kuno

Boma la Thyolo ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'Malawi. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma lino. Malo ambiri achonde anapita m'manja mwa azungu cha m'ma 1890, ndipo makolo athu ambiri anakhala pa malo amenewo pogwira thangata. Lero minda ya tiyi ndi makademiya idakali pa malo akulu, pamene ife tikugawana timinda timene tikucheperachepera pa mbadwo uliwonse.

Vuto la malo ndi nkhani ya chilungamo, ndipo tisaope kuikamba kwa mafumu, makhansala ndi aphungu athu mwamtendere ndi motsata malamulo. Aepiskopi athu anationetsa chitsanzo m'kalata yao ya Lenti ya chaka cha 1992, pamene anadzudzula kusiyana kwakukulu pakati pa olemera ndi osauka. Eni maesiteti nawonso ndi akapitao a Mulungu, ndipo adzayankha za malo ndi za antchito ao. Koma pamene tikupempha chilungamo, tisaiwale kuti nafenso tidzayankha za kamunda kathu komweko.

Zizindikiro zotichenjeza taziona ndi maso athu. Nkhalango ya m'phiri la Thyolo, imene inali yowirira, mbali yake yaikulu inadulidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Nthochi zimene zinkatchukitsa boma lino zinaonongeka ndi matenda a chisaka, ndipo mabanja ambiri anataya chakudya ndi ndalama pamodzi. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba, kukokolola minda ndi kupha anthu mazanamazana m'chigawo cha kumwera. Namondwe sitingathe kumuletsa, koma madzi amathamanga kwambiri pa mtunda wopanda mitengo ndi udzu.

3. Kusamala nthaka

Chonde cha munda chimakhala m'dothi lapamwamba. Dothi limeneli limatenga zaka zambirimbiri kuti lipangike, koma mvula ya tsiku limodzi itha kulichotsa. Mukaona mtsinje wafiira m'nyengo ya dzinja, dziwani kuti ndi nsima ya ana anu imene ikupita. Dothilo limakalowa mu Ruo ndi mu Shire, n'kukwirira mitsinje, ndipo madzi osefukira amakavutitsa abale athu a ku Nsanje. Kusasamala kwathu kumtunda kuno kumaliritsa ena kumunsi.

Nazi zina zimene banja lililonse lingachite popanda ndalama zambiri:

(a) Limani mizere yopingasa, osati yotsetsereka ndi mtunda. Pemphani alangizi akuthandizeni kuika akalozera, ndipo bzalani udzu wa vetiva pa akalozerawo.

(b) Musatenthe mapesi ndi zinyalala za m'munda. Zikwirireni kapena ziyaleni pamwamba kuti zisunge chinyontho. Moto wosakira mbewa umatipatsa ndiwo za tsiku limodzi, koma umatentha chakudya cha nthaka cha chaka chonse.

(c) Pangani manyowa a kompositi ndi a m'khola. Feteleza amadyetsa mbeu ya chaka chimenecho, pamene manyowa amakonza nthaka kuti izisunga madzi. Ziwirizi zikaphatikizana, feteleza wochepa amagwira ntchito yaikulu.

(d) Bzalani nandolo, nyemba kapena khobwe pamodzi ndi chimanga. Mizu ya mbeu zimenezi imaonjezera chonde, ndipo masamba a nandolo akayoyoka amasanduka manyowa. Poti minda yathu ndi yaing'ono sitingathe kuigoneka monga ankachitira Aisraele, koma mbeu zimenezi ndi njira yathu yopumuzira nthaka.

(e) Musalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Siyani udzu, nsungwi ndi mitengo kuti zigwire gombe.

4. Kusamala mitengo

Amayi ndi amene amadziwa bwino mtengo wake wa kutha kwa mitengo, chifukwa ndiwo amayenda mtunda wautali kufuna nkhuni, mwina mpaka kukangana ndi alonda. Bzalani mitengo m'malire a munda ndi pakhomo, ina ya nkhuni ndi milimo, ina ya zipatso monga mapeyala, mango, mapapaya ndi magwafa. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Koma kubzala kokha sikukwanira. Mbande imafuna kupalira ndi kuitchinjiriza ku mbuzi ndi moto. Mbaula zadothi zotchedwa chitetezo zimatha nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu, ndipo utsi umachepa m'khitchini.

5. Kusamala chakudya

Njala ya mwezi wa Febuluwale kawirikawiri imayambira mu Meyi, nthawi yokolola. Pa nthawi imeneyi chimanga chimaoneka chambiri, ndipo mavenda amabwera ndi masikelo ao. Timagulitsa motchipa, ndipo Januwale akafika timagula chimanga chomwecho pa mtengo wokwera. Pamenepo bambo ndi mayi amathamangira ganyu, munda wao n'kumera thengo, ndipo njala ya chaka chamawa yayamba kale.

Mukakolola, khalani pansi nonse awiri muwerengere. Ngati banja lanu limatha thumba limodzi pa mwezi, patulani matumba 12 musanagulitse kanthu. Umitsani bwino chimanga musanasunge, chifukwa chinyezi chimabweretsa chuku chimene chimadwalitsa anthu. Thirani mankhwala a anankafumbwe potsata malangizo, kapena sungani m'matumba osalowa mpweya.

Makolo athu ankafutsa masamba a nkhwani ndi chitambe, nayanika makaka a chinangwa. Nzeru imeneyi tisaitaye. Mbatata, chinangwa, mapira ndi maungu nazonso ndi chakudya, ndipo banja lodya zakasinthasintha limasunga chimanga nthawi yaitali. Tionenso m'mene timaphikira pa maukwati, pa zinamwali ndi pa ziliza. Kulandira alendo ndi mwambo wabwino, koma nsima yotayidwa kudzala m'mawa mwake ikanadyetsa ana amasiye a m'mudzi momwemo. Ndipo bambo wotapa chimanga cha ana kukasinthitsa ndi mowa ndi kapitao wosakhulupirika.

6. Ntchito ya Mphakati

Mutu umodzi susenza denga. Mukakonza mizere yanu koma wa kumtunda osakonza, madzi ake adzagumula munda wanu. Choncho Mphakati uliwonse ungathe kukhazikitsa nazale ya mitengo, kuthandizana kuika akalozera, ndi kusonkha chakudya nthawi ya masika chosungira okalamba, odwala ndi ana amasiye. Kuyambira pa 1 Seputembala mpaka pa 4 Okutobala, tsiku la Fransisko Woyera, akhristu amapempherera chilengedwe. Ndi nthawi yomweyo imene timasosa m'minda, ndipo ndi pamene moto umavuta. Pemphero lathu lizioneka m'munda.

Pa Misa timapereka mkate ndi vinyo, zimene zimachokera m'nthaka ndi m'thukuta la anthu. Sitingathokoze Mulungu chifukwa cha mphatso zimenezi Lamulungu, n'kumaononga nthaka Lolemba.

Mafunso okambirana mu Mphakati

1. Kodi mtsinje kapena chitsime cha m'mudzi mwathu chasintha bwanji kuyambira tili ana? Chifukwa chiyani?
2. Chakudya chathu chimatayikira pati: m'munda, mosungira, kumsika kapena pa miyambo?
3. Ndani m'mudzi mwathu amene amavutika koyamba chakudya chikasowa, ndipo tikumuthandiza bwanji?
4. Ndi ntchito iti imodzi imene Mphakati wathu uyambe mvula isanagwe, ndipo atsogolere ndani?